Maliro Adzagona Kuti?

Msuweni wanga amene ali ku Bradford ananditumizira chithunzi cha nyumba mwezi watha. Ndi nyumba ya miyala yodera ndi utsi wakale, yogundizana ndi zinzake mumdadada wautali, khomo lake loyang'ana mumsewu. Ili ndi zipinda zogona ziwiri, khitchini, ndi kabwalo kakang'ono kuseri koyanikapo zovala. Pansi pa chithunzicho analemba kuti mtengo wake ndi wofikirika, chosowa ndi ndalama yoyambira kuti banki imubwereke yotsalayo. Kenaka anawonjezera kuti: "Asuweni, inu mumatha kulemba Chingerezi. Tilembereni chilengezo chogulitsira nyumba ya agogo."

Nyumba ya agogoyo ili ku Old Mabvuku, kum'mawa kwa Harare. Nayonso ndi yogundizana ndi ya anansi, moti wina akakhosomola usiku mumamumva. Dzina loti Zimbabwe amati limatanthauza nyumba za miyala, koma yathuyi ndi ya njerwa, denga la asibesitosi, simenti ya pansi yofiira ndi polishi wa zaka zambiri. Mabvuku inamangidwa m'zaka za m'ma 1950 kuti muzigona anthu ogwira ntchito m'nyumba za azungu ku Highlands ndi ku Greendale, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Agogo anga aamuna, bambo a mayi anga, anali khukhi. Anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ali mnyamata, atalonjeza kuti akabwerera akagula njinga ndi suti. Njinga anagula. Kubwerera sanabwerere. Kwawo anthu otere ankawatcha matchona.

Agogo anabereka ana atatu. Amalume aakulu, bambo a msuweni wangayu, anamwalira. Mayi anga nawonso anatisiya. Atsala amalume aang'ono, amene amakhala m'nyumbamo ndi akazi awo ndi adzukulu awiri. Pamene tinkalongosola za chuma cha masiye tinagwirizana kuti nyumbayo ili ndi magawo atatu. Msuweni akufuna igulitsidwe, amalume akukana, ndiye mawu otsiriza agwera ine. Ndakhala milungu isanu ndikuzemba.

Ndiyambe ndi mbali ya msuweni, chifukwa achibale ambiri amuweruza kale, ndipo ndikuona kuti amuweruza mofulumira. Anapita ku England m'chaka cha 2022, dziko la Britain litatsekula khomo kwa anthu osamalira okalamba. Amasambitsa makolo a eni ake, amagwira usiku, ndipo gawo lalikulu la malipiro ake limathera pa lendi. Pa zimene zatsala amatumiza kuno za fizi ndi mankhwala a amalume omwewo. Sakupempha cha wina. Akupempha gawo la bambo ake kuti ana ake akhale ndi khomo lawolawo kumene tsogolo lawo lili. Agogo anachita zomwezo. Nawo anasiya munda ndi manda a makolo n'kukamanga moyo kumene kunali ntchito. Ndinawerenga kuti midadada ya ku Bradford inamangidwira anthu ogwira ntchito m'mafakitale a ubweya m'zaka za m'ma 1800, ndipo pambuyo pake munalowa anthu ochokera ku Pakistan odzagwira ntchito m'mafakitale omwewo. Ndi Mabvuku ina, ya miyala. Ngati timalemekeza agogo chifukwa cholimba mtima kuchoka, sindikuona chifukwa chonyozera mdzukulu wawo pa nkhani yomweyo.

Ndiulule kuti inenso ndalamayo ndikuifuna. Ndili ndi digiri yachiwiri koma ndimachita lendi chipinda chimodzi. Ntchito yomasulira imabwera ngati mvula ya chizimalupsa. Nyumba ku Harare amagulitsa m'madola a ku America, ndipo aliyense amene anaona ndalama zake zikusanduka mapepala m'chaka cha 2008 amadziwa kukoma kwa dola yogwira m'manja. Choncho pamene ndikunena kuti ndikulingalira za chilungamo, ndimadzifunsanso ngati sindikungofunafuna mawu abwino ovekera njala yanga.

Amalume sanatsutsane nane pa za magawo. Ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato, madzi atasowanso m'mipopi monga mwa chizolowezi cha ku Mabvuku, zigubu zitandandalika pakhomo. Ndinawafotokozera kuti gawo lawo lingawagulire malo kunja kwa mzinda, kapena kuwalipirira lendi zaka zingapo. Anamvetsera mpaka ndinatha. Atatero anandifunsa kuti: "Mphwanga, ine ndikafa, maliro anga adzagona kuti?"

Funso limeneli ndi limene landilanda tulo, ndipo sindikhulupirira kuti ndi la chisoni chabe. Mnzanga wa Chishona akagulitsa nyumba ya m'tauni amagulitsa nyumba. Ali ndi kumusha, kumene kuli manda, ng'ombe ndi mfumu yodziwa dzina la agogo ake. Malamulo a atsamunda, kuyambira Land Apportionment Act ya 1930, anakonzedwa poganiza kuti munthu wakuda m'tauni ndi mlendo wodzagwira ntchito, amene akakalamba adzabwerera kumudzi. Ife ana a matchona tinalibe mudzi woti n'kubwererako. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1980, nyumba zambiri za khonsolo zinagulitsidwa kwa amene ankakhalamo, ndipo agogo analipira pang'onopang'ono mpaka inakhala yawo. Kuyambira pamenepo zipinda zinayi zija zakhala zikugwira ntchito ya mudzi wonse. Ndi pamene timakambira milandu ya maukwati. Ndi pamene mwana wobadwa kumene amatulutsidwira. Maliro a agogo onse awiri, a mayi anga ndi a amalume aakulu anagona pabalaza lomwelo usiku wonse, amayi akuimba m'kati, abambo akuotha moto panja, tisanawanyamule kupita kumanda.

Ndipo tinakumbutsidwa kangapo kuti kupatula nyumbayo tilibe poima. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, ndipo tonse tinadziwa amene ankanenedwa. Lamulo la unzika litasinthidwa m'chaka cha 2001, anthu ambiri obadwira m'dziko muno, makolo awo ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, anapezeka kuti si nzika. Zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo. Zinayamba kukonzeka ndi malamulo aakulu a dziko a 2013. Pakati pa zaka zimenezo panabwera Murambatsvina, mu May 2005. Lipoti la Anna Tibaijuka, nthumwi ya United Nations, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera ndalama. Anthu ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Ine ndinali mtsikana wa ku sekondale, ndipo ndimakumbukira amalume akugumula okha kachipinda ka kuseri ndi hamala, kuopa kuti angawagumulire ena. Usiku umenewo tinagona anthu khumi ndi anayi m'nyumba yaikuluyo. Inatsala chifukwa inali ndi mapepala.

Akuluakulu amati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Mwambiwu umaganiza kuti munthu amadziwa kwawo. Ndinapitako ku Dedza kamodzi, pa basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete. Anandilandira bwino, anandiphera nkhuku, anaseka Chichewa changa chosakanikirana ndi Chishona. Koma ife Achewa munda umatsata kuchikazi, ndipo amene anachokera kumeneko ndi agogo aamuna. Panalibe amene anandiuza mwamwano, komabe zinali zoonekeratu kuti ndine mlendo wokondedwa, wobwerera Lolemba.

Apa ndi pamene ndikuona kuti kugawa patatu, ngakhale kuli kolondola pa masamu, kukubisa chinthu. Magawowo ndi ofanana pa pepala, koma zimene aliyense ataye sizofanana. Msuweni akakanizidwa adzapitiriza kulipira lendi zaka zina, zimene ndi zowawa koma zimatha. Ine ndidzakhalabe m'chipinda changa. Amalume akavomera adzataya malo okhawo padziko lapansi amene munthu sangawafunse kuti mwabwera liti. Ali ndi zaka zoposa 60. Anzawo a kutchalitchi, a kubungwe la maliro limene akhala akusonkhako kuyambira ali mnyamata, ngakhale anyamata a gule amene amavinabe ku Mabvuku ndi ku Tafara, onse ali pa mtunda woyenda pansi. Mawu oti "yotsika mtengo", amene msuweni akufuna ndilembe kuti ogula abwere msanga, ndi oona kwa wogula yekha.

Komabe sindingamalize poti amalume ndiwo olondola basi. Ngati nyumba siingagulitsidwe chifukwa ndi mudzi, ndiye kuti amene amakhalamo amadya cholowa cha onse, ndipo amene anachoka amalipira kawiri: amatumiza ndalama, gawo lake osalikhudza. Mabanja ambiri amatchula zimenezi kuti mwambo pamene kwenikweni n'kupondereza amene ali kutali, makamaka akakhala mkazi. Ndipo mudzi umene ukusungidwawo udzakhala wa yani? Ana a msuweni amalankhula Chingerezi cha ku Yorkshire. Adzukulu a amalume Chichewa amangomva, poyankha amayankha m'Chishona. Mwina tikusunga bwalo la maliro a anthu awiri kapena atatu okha, kenaka lidzagulitsidwabe, msuweni atakalamba kale pa lendi.

Ndinayesa njira yapakati. Ndinamuuza msuweni kuti tidikire mpaka amalume atatsogola, ndipo pakali pano ndalama ya lendi ya kachipinda ka kuseri, kamene tinamanganso, izipita kwa iye. Anakhala chete pa foni kwa kanthawi, kenaka anati: "Ndiye mukufuna ndizikhala kuno ndikuwerenga masiku a amalume?" Ndinasowa choyankha, chifukwa ananena zoona. Mgwirizano wotere umasandutsa imfa ya munthu kukhala tsiku lolandira malipiro.

Chilengezocho ndinalemba. Chili m'foni mwanga, m'Chingerezi chosalala: zipinda zinayi, mpanda, mtengo wa mapeyala, pafupi ndi sukulu ndi pokwerera makombi. Sindinachitumize. Loweruka likubwerali tagwirizana kuti tidzakhale pabalaza paja, amalume, akazi awo ndi ine, msuweni adzakhale pa foni yotsamiritsidwa ku sugabolo. Amalume andituma kuti ndibwere ndi buledi, ndiponso kuti ndimuuze msuweni asadzaimbe nthawi ya nkhani za pa wailesi.