Mtima wa Mnzako ndi Tsidya Lina

Achinyamata a kuno ku Lichinga ayamba kuyeza mitima yawo pa foni. Amayankha mafunso a m'Chipwitikizi, foni n'kuwalamula: iwe ndiwe wamanyazi, iwe ndiwe wochezeka, iwe umadzikayikira. Makolo anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Nanga bwato lowolokera kumeneko analisema ndani?

Mmodzi mwa amisiri ake ndi Morris Rosenberg wa ku America. Mu 1965 anatulutsa ziganizo 10 zimene anaziyesa pa ophunzira a sekondale oposa 5,000 m'chigawo cha New York. Zisanu zimamukweza munthu, zisanu zimamutsitsa, ndipo pa chilichonse iye amasankha yankho limodzi mwa anayi, kuyambira kuvomera ndi mtima wonse mpaka kukanitsitsa. Mafunso ena, otchedwa Myers-Briggs, ndiye amagawa anthu onse a padziko m'magulu 16, ngati akusankha nyemba pamsika.

Pamene ndikuchita napo njenjenje ndi apa: wofunsidwa ndi yemweyo, mboni ndi yemweyonso. Mwana wa Chiyao amene anapita ku unyago, kapena wa Chinyanja wokulira ku Metangula, analangizidwa kuti pamaso pa akulu munthu sadzitama. Mukamufunsa ngati ali ndi makhalidwe abwino ambiri, ayang'ana pansi n'kunena kuti amayesetsa. Pepala la mafunsowo limulemba kuti ndi wodziderera, chonsecho ndi ulemu. Mnzake wamatama, wosagwira n'khasu lomwe, akhoza bwino. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Onjezanipo chinenero: funso linabadwa m'Chingerezi, lafika m'Chipwitikizi, woyankha akuganiza m'Chimakuwa. Panjira yotalika chonchi, katundu wina amagwa.

Komabe mapepalawa sindikuwataya kudzala. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Alipo ana amene amaseka nafe masana koma usiku amadziona ngati opanda pake, ndipo zimenezo sangaziulule kwa amalume awo. Papepala, pamene palibe diso lowayang'ana, amatha kuchonga zoona. Ngati wowerenga mayankhowo ndi mlangizi wodziwa ntchito, mwanayo angathandizidwe zinthu zisanafike poipa.

Ndiye inu aphunzitsi ndi olemba anthu ntchito, funsani pepalalo, koma musalisandutse woweruza. Khalani pansi ndi mwanayo, mucheze naye m'chinenero cha kwawo, mufunsenso amene analima naye munda umodzi.