Mapanga awiri avumbwitsa

Aliyense amene anawetako mbuzi kuphiri akudziwa mmene mvula ya m'dzinja imabwerera. Kumayamba kamphepo, kenako mtambo uja wada bii, ndipo usanakuse ziweto madontho ayamba kale. Mwambi uwu ukunena za munthu amene mvula yotere yam'peza ali pakati pa mapanga awiri. Athamangira loyamba, koma asanalowe akumbukira kuti linalo n'lalikulu. Abwerera, ali panjira aganiza kuti mwina m'menemo muli njoka, atembenukanso. Mvula pokata iye ali chiimire pamtetete atanyowa thupi lonse, pomwe mnzake amene anangoona kaphanga kamodzi kothina akutuluka wouma. Akuluakulu amauponya mwambiwu kwa mnyamata wofunsira mbeta ziwiri, kapena kwa munthu wofuna kukondweretsa mbali zonse pa mlandu, ndipo phunziro lake n'lakuti wa mitima iwiri amataya zonse.

Sindikudziwa nkhani ina imene maboma athu athamangapo pakati pa mapanga awiri kuposa ya anthu ogonana amuna kapena akazi okhaokha, komanso ya anthu obadwa amuna amene amadzimva ndi kukhala ngati akazi. Phanga lina ndi la mipingo, mizikiti ndi mafumu, kumene kuli mavoti. Linalo ndi la mayiko ndi mabungwe otithandiza, kumene kumachokera gawo lalikulu la ndalama za mankhwala ndi chitukuko.

Mu December 2009, Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene ambiri ankamutchula kuti Anti Tiwo, anachita chinkhoswe ku Chirimba mu mzinda wa Blantyre. Patangopita masiku ochepa apolisi anawamanga. Masiku a mlandu anthu ankadzaza kunja kwa bwalo, ena kukuwiza, ena kungofuna kuona ndi maso awo. Pa 20 May 2010 majisitireti Nyakwawa Usiwa Usiwa anawagamula kukakhala kundende zaka 14, chilango chachikulu chimene lamulo limalola. Pa 29 May, mlembi wamkulu wa United Nations Ban Ki-moon ali ku Lilongwe, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Koma mvetserani mmene anakhululukira: ananena kuti awiriwo analakwira chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo athu, ndipo akuwamasula chifukwa cha chifundo chabe. Mlendo anamva mawu ake, eni mudzi anamvanso awo. Chaka chomwecho chisanathe Nyumba ya Malamulo inawonjezera ndime 137A, yoti nawonso akazi okhaokha azimangidwa mpaka zaka 5, chinthu chimene ngakhale atsamunda sanachilembe.

Mayi Joyce Banda atalowa m'boma mu 2012, thumba la boma lili lobooka ndipo otithandiza atakwiya, analonjeza m'Nyumba ya Malamulo kuti malamulowa achotsedwa. Miyezi ingapo itadutsa anati Amalawi sanakonzeke. Mu November nduna yawo ya zachilungamo, Ralph Kasambara, inalengeza kuti apolisi ayambe aleka kumanga anthu pa milandu yotereyi, ndipo mipingo itadzuka ndunayo inayamba kubweza mawu. Kumapeto kwa 2015, amuna awiri atamangidwa ku Lilongwe, nduna ina, Samuel Tembenu, inabwereza kuti kumanga kuja kunaimitsidwa. Chaka chotsatira abusa ena anakatenga chiletso ku bwalo lalikulu ku Mzuzu chotsutsa zimenezo. Lamulo lili m'buku, nduna ikuti lagona, bwalo likuti ligalamuke. Uku ndiye kuthamanga kumene mwambi ukunena.

Koma apa mpamene mwambiwu ukundivuta. Mwa makolo, wovumbwa ndi yemwe uja wa mitima iwiri. M'nkhani yathuyi wa mitima iwiri savumbwa ayi. Pulezidenti amakwera galimoto yake, nduna imasinthidwa unduna, kazembe amatha nthawi yake n'kubwerera kwawo. Ovumbwa ndi ena. Tiwonge atatuluka m'ndende sakanathanso kuyenda mumsika mwamtendere, ndipo anakakhala wothawa kwawo ku Cape Town. Pali wodwala amene amaopa kuuza namwino kumene kukumuwawa, poopa kuti nkhani ituluka m'chipinda chopimira n'kukafika kwa alandilodi. Pali mnyamata amene wina wamulanda foni, waona mauthenga ake, ndipo tsopano akumudya ndalama mwezi ndi mwezi, pakuti akudziwa kuti kupolisi sangapiteko. Boma lomweli, m'ndondomeko zake zolimbana ndi HIV, limawerenga amuna ogonana ndi amuna anzawo ngati gulu lofunika kulifikira ndi makondomu, kuyezetsa magazi ndi ma ARV. Dzanja lamanja likupereka mankhwala kwa munthu amene dzanja lamanzere lamusungira unyolo. Wogwira ntchito zaumoyo kumudzi ndiye amene amatsala ndi funso loti amuitana bwanji munthu wotere kuti abwere poyera.

Sindikufuna kuwanamizira azipembedzo. Anthu zikwizikwi amene anayenda m'misewu ya Blantyre, Lilongwe ndi mizinda ina mu July 2023 potsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, Akatolika, a CCAP, a mipingo ya chipentekoste ndi Asilamu ali limodzi, sanagulidwe ndi munthu. Amakhulupiriradi kuti banja ndi la mwamuna ndi mkazi, ndipo ali ndi ufulu wolalikira zimenezo. Papa Francis atavomereza chikalata cha Fiducia Supplicans mu December 2023, cholola ansembe kudalitsa anthu okhala m'maubwenzi otere, maepiskopi a ku Malawi anali m'gulu la oyamba kunena kuti kuno sizichitika. Amenewo si anthu a mapanga awiri; asankha lawo ngakhale ku Roma kukhumudwe. Amakwiyanso ndi chifukwa akamaona thandizo likusanduka chikwapu, monga pamene David Cameron ananena mu 2011 kuti Britain ikhoza kuchepetsa thandizo ku mayiko osunga malamulowa. Mawu otere anangolimbitsa bodza lakuti khalidweli linabwera pa ndege, pomwe chimene chinabweradi pa sitima ndi ndime 153 ndi 156 za lamulo la milandu, zimene Britain yomweyo inatisiyira kuyambira masiku a Nyasaland.

Chimene ndimatsutsana nawo n'chakuti zionetsero zija zinkakana ukwati, pomwe mlandu umene unali kukhoti pa nthawiyo, umene unadzutsa zionetserozo, sunali wa ukwati. Lamulo la maukwati la 2015 linatseka kale khomo limenelo: limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo limawerenga munthu monga anabadwira. Funso la kukhoti linali lakuti kodi akuluakulu awiri ogwirizana, ali m'nyumba mwawo, ayenera kupita kundende? Analifunsa ndi Jana Gonani, wobadwa wamwamuna koma wokhala ngati mkazi, amene bwalo la ku Mangochi linamugamula zaka 8 mu 2021, pamodzi ndi Jan Willem Akster wa ku Netherlands. Kuphatikiza awiriwa kunasokoneza zinthu, chifukwa Akster ankayankha milandu yochitira ena nkhanza zogonana, ndipo anthu ambiri anangomva ngati khoti likufunsidwa kumasula ogwirira. Nkhanza ndi kugwirira zili ndi malamulo ake, ndipo palibe wanzeru amene akuti achotsedwe. Chigololo nachonso mipingo imachitcha tchimo, imadula nacho anthu mumpingo, koma sindinamvepo mbusa akupempha kuti wachigololo akapalase zaka 14 kundende ya ku Zomba. Tchimo lili ndi bwalo lake, mlandu uli ndi lake.

Wina anganene kuti bola tsono kusankha phanga limodzi. Komatu kusankha pakokha si nzeru, pakuti phanga lina limakhaladi ndi njoka. Uganda inasankha: mu May 2023 Yoweri Museveni anasaina lamulo lokhala ndi chilango cha imfa pa milandu ina ya mtunduwu, ndipo World Bank inaimitsa kwa kanthawi ngongole zatsopano. M'dziko lomwelo, mu 2010, kanyuzipepala kena kanasindikiza zithunzi ndi mayina a anthu amene kankati ndi amathanyula, ndipo mmodzi wa iwo, David Kato, anaphedwa m'nyumba mwake mu January 2011. Anansi athu ena anasankha kwina. Mozambique inachotsa malamulo a atsamunda aja mu 2015 popanda phokoso, ndipo matchalitchi a ku Tete ndi ku Nampula adakadzazabe Lamulungu lililonse. Ku Botswana bwalo lalikulu linawathetsa mu 2019, bwalo la apilo n'kuvomereza mu 2021. Ku Zambia kokha ndi kumene anavina gule wathu yemweyu: amuna awiri a ku Kapiri Mposhi atagamulidwa zaka 15 mu 2019, kazembe wa America Daniel Foote anadzudzula, boma la Edgar Lungu linakwiya mpaka kazembeyo anachoka, kenako mu May 2020 Lungu yemweyo anawakhululukira mwakachetechete pakati pa akaidi ena ambirimbiri.

Pa 28 June 2024 oweruza atatu anakana pempho la Gonani ndi Akster, n'kunena kuti malamulowa sakuphwanya malamulo aakulu a dziko, ndipo wofuna kuti asinthe apite ku Nyumba ya Malamulo. Ena anasangalala, ena analira, koma chigamulocho chinabweza nkhaniyi kwa anthu amene akhala akuizemba kuyambira 2010. Kumeneko phungu aliyense ayenera kuimirira, abusa ake akumva pa wailesi, akazembe ali m'mipando ya alendo, n'kunena ngati akufuna kuti mwana wa m'dera lake, amene sanagwirire munthu, azigona m'ndende zaka 14. Amene akufuna zimenezo anene, asadzapitenso ku misonkhano ya United Nations ku Geneva kukauza azungu kuti lamulolo siligwira ntchito. Amene sakufuna anenenso, osati m'makonde a hotela koma pa nsanja ya msonkhano kumudzi kwawo.