Kodi Mkazi Akanena Kuti "Ndikumva Kuwawa" Wasowa Kupirira?

Chiyamiko chikhale kwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zipite kwa Mtumiki wake Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, m'chinenero chathu mawu akuti "kudzikonda" ndi chitonzo. Wodzikonda ndi uja amadya yekha nsima ya anthu asanu. N'chifukwa chake mkazi akayamba kunena kuti mtima wake wathodwa, kuti nayenso akufuna kupuma, timafulumira kum'patsa dzina limeneli, kenako timam'kumbutsa zija anamuuza anankungwi polowa m'nyumba, kuti banja ndi kupirira. Funso lathu Lachisanu lino n'lakuti: kodi swabr, kupirira kumene Allah amakukonda, ndiko kutseka pakamwa?

Tiyambe ndi amayi amene timakumana nawo tsiku ndi tsiku. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja ambirimbiri anasamutsidwa kuti mgodi wa malasha upeze malo. Ena anapita ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera m'tauni ya Moatize, ena ku 25 de Setembro. Za minda ndi nyumba zinakambidwa pamisonkhano. Koma mayi anasiyanso dooko limene ankatungapo madzi, ndi mnansi uja ankabwerekana naye mchere, ndipo zotere sizilembedwa m'kaundula. Ku Zóbuè, pachipata cha malire ndi Mwanza, agogo athu ena anathawira ku Malawi ali ndi ana kumbuyo pa nkhondo ija inatha mu 1992. Anabwerako, nalima, nalera adzukulu. Ndi angati mwa ife amene anakhalapo nawo pansi n'kuwafunsa kuti mumtima muli bwanji?

Mu Madina munali mayi dzina lake Khawla bint Tha'labah, Allah asangalale naye. Mwamuna wake, Aws ibn al-Samit, atapsa mtima anamufanizira ndi mayi ake om'bereka. Mwa mwambo wa Aarabu Chisilamu chisanadze, mawu amenewa, otchedwa zihar, ankamusiya mkazi ali lende: sali pabanja, salinso mfulu. Khawla sanakakhale kuchipinda n'kumameza misozi. Anapita kwa Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, nafotokoza kuti utsikana wake unathera m'nyumba imeneyo, anabereka ana, ndipo tsopano atakalamba watayidwa. Mtumiki analibe chigamulo chom'tonthoza nacho panthawiyo. Iye sanachoke. Anabwereza dandaulo lake, nalipereka kwa Allah. Pamenepo zinavumbulutsidwa ndime zoyambirira za Sura ya 58, ndipo dzina la Surayo, Al-Mujadila, limanena za mkazi wotsutsa ameneyu. Taganizirani, inu abambo: timaiwerenga pa Swala, komabe m'nyumba mwathu mkazi wotere timamutcha wolongolola.

Nayenso Maryam, mkazi woyeretsedwa uja, zowawa za kubereka zitam'fikira patsinde la mtengo wa tende, analakalaka akanangofa kale n'kuiwalika. Sanadzudzulidwe. Anapatsidwa madzi ndi zipatso, natonthozedwa.

Wina atifunsa kuti: kodi tsono chilichonse chimene mtima wamva n'choona? Ayi. Nafsi imatha kusokeretsa mwini wake, ndipo mkwiyo si woweruza wabwino, kaya ndi wa mkazi kaya wa mwamuna. Koma kuvomereza kuti bala lilipo ndi nkhani ina, kulola bala likulamulire ndi nkhani inanso. Wobisa chilonda m'nsanza ndiye amene pamapeto pake chimamulamulira, pakuti chimatukusira, ndipo mafinya ake amagwera ana: mawu aukali opanda chifukwa, kusowa tulo, Swala yopanda mtima. Swabr ndiko kusakwiyira chikonzero cha Allah ndi kusathamangira ku haraam pa nthawi ya mavuto. Kunamizira kuti zonse zili bwino sikunakhalepo mbali ya swabr.

Inu alongo athu, moyo wanu ndi amaana, chinthu chimene Allah anakusungitsani, monga anakusungitsani ana. Mwana wanu akalira simumuuza kuti alibe chikhulupiriro. Mumam'funsa pamene pakupweteka. Mtima wanu muuchitire chifundo chomwecho. Uzani Allah m'dua zanu mwatchutchutchu, uzani mlongo wosunga chinsinsi, itanani ankhoswe, ndipo chisoni chikakulepheretsani kudya ndi kugona pitani kuchipatala. Pakakhala kumenyedwa, dziko lathu la Mozambique lili ndi Lamulo 29/2009 loteteza amayi ku nkhanza za m'banja, ndipo kupolisi kuli ofesi yolandira madandaulo otere. Wopita kumeneko sanachoke m'Chisilamu. Ife a m'mizikiti tivomere kuti kangapo tabweza mkazi kunyumba ndi mawu amodzi okha, "kapirireni", tisanamve n'komwe nkhani yake.

Ena amaopa kuti mkazi woyankhula amapasula banja. Aws analamulidwa kulipa dipo: kumasula kapolo, kapena kusala miyezi iwiri yondondozana, kapena kudyetsa osauka 60. Anali nkhalamba yosauka, ndipo sakanatha n'chimodzi chomwe. Mtumiki anati am'thandiza ndi dengu la tende. Dengu lachiwiri analonjeza Khawla mwini wake, yemwe uja anakadandaula, nabwerera kwa mwamuna wake.