Nsomba Yobwezedwa M'madzi

Ku Lesotho, pa mtsinje wa Bokong umene umathira m'damu la Katse, ndinakola trout yanga yoyamba. Nyambo inali kachilombo kabodza, ka nthenga zomangirira ku mbedza. Bambo wonditsogolera, wa m'mudzi wapafupi, ananyowetsa manja, n'kuchotsa mbedza, n'kuigwira nsombayo m'madzi itayang'ana kumtunda mpaka inapezanso mphamvu, ulendo.

Ine ndinakulira kumene nsomba ndi ndiwo. Msodzi wa chambo ukamufunsa chifukwa chophera, amaloza ana ake. Nanga ine ndiloze chiyani? Ndinabaya cholengedwa pakamwa, n'kuchitopetsa, pofuna kusangalala basi.

Alendo anzanga ankati kuibweza ndi chifundo. Ine ndikukana. Wachifundo sakanaponya mbedza n'komwe. Nsombayo sinapindule kanthu pokumana nane.

Komabe sindinganene kuti bambo uja analakwitsa. Nsomba yophedwa imadyedwa tsiku limodzi, pamene yobwezedwa imakopanso mlendo wina chaka chamawa, ndipo malipiro ake amafika pakhomo la wotsogolerayo. Iyenso akuloza ana ake, kungoti nsomba yake imawadyetsa ili yamoyo. Ndiye chifukwa chake amausamala mtsinjewo ngati munda.

Choncho mlandu watsala kwa ine. Ndikadzapitanso, ndidzaphwanya ndevu ya mbedza, ndidzaikoka msanga isanafooke, sindidzaitulutsa m'madzi chifukwa cha chithunzi. Koma sindidzadzitcha wachifundo. Ndidzavomera kuti chisangalalo changa chili ndi mtengo, ndipo amene amaulipira ndi ululu ndi nsomba.