Eni nyumba, kwerani padenga mvula isanagwe

Bambo landilodi, mayi landilodi, inu amene munamanga mdadada wa nyumba ku Ndirande, ku Chinsapo, ku Area 25 kapena ku Chibavi: thukuta lanu lili m'njerwa zimenezo, ndipo ulemu umenewo palibe angakulandeni. Tsono dzukani, ntchito ikadalipo! Imene yatsala ndi yosunga munthu amene akugona m'nyumbamo.

Tawerengerani nokha. Tenanti akatuluka atakwiya, nyumba imagona yokha mwezi, mwina iwiri. Mupake laimu, musinthe loko, dobadoba wokupezerani munthu wina naye adyepo. Zonsezo pamodzi zimaposa mtengo wa malata awiri amene munakana kugula iye akudandaula kuti padenga pakudontha. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu wolipira pa tsiku lake, wosesa pabwalo, wosasokosa usiku, mugwireni ndi manja awiri.

Okutobala akafika, kwerani padenga. Khomani misomali yogwedera, matani ming'alu, tsegulani ngalande kuti madzi apite kwawo. Amene anaona zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Chilobwe mu Malichi 2023 sachita chibwana ndi madzi otsika m'phiri. Chimbudzi musadikire chisefukire. Ana a tenanti akatsegula m'mimba, dzina lonyozedwa pa mpopi ndi lanu.

Mikangano yambiri pa ploti imayambira pa magetsi. Mita imodzi, mabanja asanu: uyu ali ndi ayironi, uyo amaphikira pa magetsi mobisa, mayunitsi akatha aliyense akuloza mnzake chala. Ngati thumba likulola, pemphani ku ESCOM mita ya khomo lililonse, mudzagona tulo. Bilu ya madzi muziionetsa poyera, aliyense aone ndi maso ake.

Lembani pangano, ngakhale la tsamba limodzi: lendi ndi zingati, tsiku lolipira, wokonza zowonongeka ndani, notisi ndi ya nthawi yaitali bwanji. Akalipira pamanja, perekani lisiti. Akalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, uthengawo musaufufute.

Kukweza lendi si tchimo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zinakwera, ndipo tenanti akudziwa, pakuti naye amagula pa msika womwewo. Chimene chimamuwawa ndi kuuzidwa pa 28 kuti pa 30 alipire mtengo watsopano. Muuzeni miyezi ikadalipo, pamaso, mutakhala pansi.

Nanga wosalipira? Alipo ndithu, ena mwadala. Komabe kuzula chitseko kapena kusasula malata ana ali m'kati ndi manyazi, ndipo mlandu ukhoza kukutembenukirani. Kambiranani naye, agawe ngongoleyo m'miyezi. Zikakanika, pitani kwa amfumu a m'dera kapena ku khoti, pangano ndi malisiti zili m'manja.

Loweruka likubwerali, tengani kope ndi cholembera, muchite odi khomo ndi khomo, mufunse chimene chawonongeka, ndipo choyamba pa mndandandawo mukonze mwezi usanathe.