Agogo Oyenda ndi Mwezi

Padangotero. Tili tonse.

Kumwera kwa boma la Maravia, kumene mtsinje wa Zambezi udasanduka nyanja atautsekereza ndi damu la Cahora Bassa mu 1974, kudali mudzi wa asodzi a kapenta. Ankapha usiku. Amayatsa nyali pamwamba pa madzi, tinsombato n'kuthamangira kuwalako, iwo n'kukweza ukonde.

Kudalinso agogo ena a kumtunda, cha kunjira ya ku Fingoè, amene ankatsika kamodzi pamwezi atasenza dengu la ufa kudzasinthanitsa ndi kapenta. Koma agogowo akangofika, maukonde ankatuluka opepuka. Kamodzi, kawiri, kachitatu anyamata adayamba kunong'onezana: "Nkhalamba iyi ndi njala zimayendera limodzi." Pofika kubwalo, mawu akuti limodziwo adali atasanduka mlandu wa ufiti.

Amfumu adamvetsera mpaka onse adatha mawu. Kenaka adati, "Zoti zimabwera limodzi, inenso ndaona. Koma taganizani, ana anga. Inswa zimatuluka limodzi ndi kulira kwa achule. Kodi chule ndiye amatsegula chulu? Onsewo amadzutsidwa ndi mvula. Tikati limodzi timangonena kuti zinthu zakumana tsiku limodzi, malo amodzi. Zoti wabereka mnzake ndani, mawuwo sanena."

Adatembenukira kwa okalambawo. "Agogo, bwanji mumakonda kubwera masiku amenewa?"

"Zikomo amfumu. Dzuwa la kuchigwa kuno limawotcha mapazi, ndiye ndimayenda usiku. Ndimadikira mwezi ukhale wathunthu kuti ndiziona njoka panjira."

Bwalo lidangoti zii. Msodzi wina wa imvi adazolika, chifukwa ankadziwa kuyambira ali mnyamata kuti mwezi ukawala nyanja yonse imayera, nyali imatha mphamvu, kapenta amabalalika. Chomvetsa chisoni n'chakuti ankadziwa zonsezo, koma pamene anzake ankaloza chala, iye adangokhala chete.

Mwezi utalowa mumdima, amfumu adatuma anyamata awiri amene adakweza mawu kwambiri kuti akawatenge agogo ndi nyali. Usiku umene adafika nawo, ukonde udalemera mpaka amuna anayi adachita kuthandizana pokoka.

M'mawa mwake agogo adabwerera kwawo chimanjamanja, ndodo yokha m'manja. Dengu lodzaza kapenta adasenza anyamata aja, molandizana, mpaka kumtunda.