Kodi Nkoyenera Kusiya Malo Osamangapo?

Abale, ife a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi tiri ndi ana ambiri amene anatsikira ku Lilongwe kukafuna nchito, ndipo pobwera kudzaceza amadandaula cinthu cimodzi, kuti ana ao alibe posewera. Mau amenewa tiyeni tiwalingalire bwino, pakuti mlandu uli m'menemo suli wapafupi.

Lilongwe anakhala likulu la dziko m'caka ca 1975. Pa kalembera wa 1977 anthu a mumzindamo anali pafupi 99,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 989,318. Ndiko kuti pamene panali munthu mmodzi pali anthu khumi tsopano, koma nthaka siinakule. Iwo amene anayesa mzindawo paciyambi anasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, pakati pa tauni yakale ndi yatsopano, nalamula kuti pasamangidwe nyumba. Tsono funso ndi ili: kodi ncilungamo kusungira mitengo ndi apusi malo abwino otere, pamene mkazi wamasiye ku Mtandire agona ndi ana asanu m'cipinda cimodzi ca lendi?

Tisafulumire kumdzudzula munthu wofunsa cotero. Wosowa pogona sakhuta mthunzi, ndipo ife amene tiri ndi minda yathu ndi nkhokwe zathu tiyenera kucita manyazi pomuphunzitsa kupirira.

Koma taonani cimene makolo athu anacita. Pomanga mudzi sanagawe nthaka yonse. Anasiya bwalo pansi pa kacere, poweruzira milandu ndi pobvinira. Anasiya dambo la msipu wa ng'ombe. Anasiya msitu wa kumanda, umene munthu sangalowemo ndi nkhwangwa. Njala inali kuwapeza iwonso, koma sitinamve kuti mfumu inalima cimanga pabwalo. Anadziwa kuti malo amene alibe mwini mmodzi ndiwo cuma ca iye amene alibe kanthu. Momwemonso mumzinda: wolemera wa ku Area 10 ali nalo bwalo lace m'kati mwa mpanda, ndi kapinga, ndi mitengo ya mango. Bwalo la onse likagulitsidwa, iye sataya kanthu. Wotaya ndi mwana wa mkazi wamasiye uja, amene adzamenyera mpira wace wacikulunga pamseu wa magalimoto. Ndipo tanena za kugulitsa dala, cifukwa malo otere akacotsedwa sitiona kawirikawiri kuti apatsidwa kwa osauka.

Palinso cina. Dambo losiyidwa ndilo njira ya madzi. M'caka ca 2017 Lingadzi anasefukira nagwetsa nyumba ku Mtandire, ndipo amene anabvutika ndiwo omanga kufupi ndi mtsinje posowa pena. Kumpatsa munthu malo m'dambo kuoneka ngati cifundo mwezi wa Okutobala, koma mwezi wa Febuluwale kuoneka mwina.

Cimene citilemera koposa ndi ici, kuti eni ace eni eni a bwalo la mzinda ambiri sanabadwe, ndipo sangafike pamlandu kudzadzinenera. Nyumba imangika m'miyezi itatu. Mkuyu wa mthunzi ufuna zaka makumi. Malo akamangidwa kamodzi sabwerera, pakuti ndani adzagwetsa nyumba zana kuti ana apeze pothamanga? Nkhalango ya paphiri la Ntchisi tiri nayo lero cifukwa ena, amene sitinawaone nkhope, anaileka. Akuru amati inali pobisalira Acewa masiku a nkhondo za Angoni, ndipo pambuyo pace boma linaiika m'manja mwa lamulo. Yerekezani ndi Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe ucokera, kumene makala opita kumzinda anadya mitengo kufikira boma linatumako asilikari kukalonda.

Tisayese kuti izi nza ku Lilongwe kokha. Mponela akukula m'mbali mwa mseu waukuru, ndipo amene anamuona zaka makumi atatu zapitazo sangamzindikire. Ku Dzaleka, kumene othawa nkhondo anayamba kufika m'caka ca 1994, tsopano kuli anthu oposa 50,000, ndipo yense wopitako aona yekha umo nyumba zithinanira pamene anthu acuruka malo asanayesedwe. Cifukwa cace tipempha mafumu athu ndi akuru a khonsolo kuti ayese bwalo, ndi dambo, ndi posewera ana a sukulu, nthaka ikali yosakwera mtengo. Malirewo alembedwe m'buku, nabzalidwe mitengo yooneka ndi onse, kuti wodzagula mseri adzacite mantha. Ndipo poyesa maploti a nyumba ayambe ndi a anthu osauka, pamalo ouma, kufupi ndi bwalolo.